Pulezidenti wa Lachinayi

A Laimu anagwira ntchito ku khonsolo ya tauni kuyambira tsitsi lili bii mpaka imvi zitatsikira m'makutu. Ntchito yawo inali yopaka laimu. Miyala ya m'mbali mwa msewu, zipilala za pageti, matsinde a mitengo kuyambira pansi kulekeza m'chiuno mwa munthu, zonsezi zinkadikira ndowa yawo ndi burashi yawo yothothoka. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo, ndipo nawonso ankalitulutsa pokhapokha akapsa mtima.

Chaka chawo chinkayenda ndi thambo. Mvula ikabwera inkatsuka laimu yense, iwo n'kumaonerera ali pakhonde la nyumba yosungira zida, osadandaula, poti mvulayo ndi imene inkawasungira ntchito. Udzu ukayamba kufiira ankatenga ndowa. Mphepo yozizira ikadutsa, masamba atayoyoka, dzuwa n'kuyamba kuwamba, nyenje zikulira ngati zatumidwa, m'pamene mtsogoleri wa dziko ankabwera kudzatsegulira china chake. Chaka china anatsegulira mlatho. Chaka china mpopi wa madzi. Chaka chinanso mlatho womwe uja, atauika zitsulo zogwira m'mbali.

Mtsogoleriyo ankabwera Lachisanu, choncho Lachinayi linali tsiku loyeserera. Mwambo wonse unali m'manja mwa mkulu wina wa khonsolo, munthu wowonda wa wotchi yaikulu, amene aliyense ankamutchula kuti a Ndondomeko. Poyamba amene ankaima m'malo mwa pulezidenti poyeserera anali kalaliki wa mu ofesi. Koma kalalikiyo anali wamfupi. Kamtsikana kopereka maluwa kanazolowera msinkhu wake, ndipo Lachisanu litafika kanakankhira maluwa pamimba pa mtsogoleri wa dziko. Maikolofoni nayo inali pomwepo, moti mkuluyo analankhula ku mtundu wonse atawerama ngati akufunafuna kiyi pansi. A Ndondomeko analumbira kuti sizidzachitikanso. Anadula kamzere pafelemu ya chitseko n'kuimikapo antchito onse, mmodzimmodzi. Mutu wa a Laimu unagunda kamzereko ndendende. Umu ndi mmene analowera m'boma: sanachite kampeni, sanalonjeze kanthu, unawasankha ndi msinkhu.

A Ndondomeko anali ndi malamulo awiri. Loyamba linkati chimene chachitika Lachinayi ndicho chichitike Lachisanu, osawonjezera, osachotsera. Lachiwiri linkati a Laimu akangovala jekete lakuda limene linkasungidwa m'kabati ya mu ofesi, ndi Wolemekezeka mpaka atalivula. Pasapezeke wowatsogolera, wowakhudza kapena wowadzudzula, kuti miyendo ndi pakamwa pa anthu zizolowere ulemu. Kumunsi kwa jeketelo ankakhala ndi ovolosi yawo yamadonthomadontho ndi majombo. Galimoto yaulemu inali thalakitala yotaya zinyalala, ataitsuka.

Munthu wina akanangovala, kugwedeza dzanja, n'kukalandira botolo la zoziziritsa kukhosi. Koma a Laimu sankadziwa kusewera ndi ntchito. Ankati munthu usavale jekete usakudziwa kulemera kwake. Alamu awo anali ometa tsitsi, ndipo m'kanyumba kawo kometera munali wailesi yosazima. Mmenemo a Laimu anamvera pulogalamu yofotokoza malamulo oyendetsera dziko, mlungu ndi mlungu, mpaka mphamvu zonse za pulezidenti zinamata m'mutu mwawo ngati laimu pamwala wouma. Anaphunziranso zimene pulezidenti saloledwa kuchita. Woyendetsa thalakitala atawapempha mwanthabwala kuti amuthetsere mlandu wa mbuzi umene unali kukhoti, a Laimu anaimitsa mdipiti wonse n'kumufotokozera kuti mtsogoleri sapisa dzanja m'ntchito za oweruza. Woyendetsayo sanachitenso nthabwala.

Zonsezi ankazilakatula kwa akazi awo. Akazi awowo ankasoka zovala, ndipo anthu ankangowatchula kuti a Telala. Makina awo ankakhala pansi pa mtengo wa mango pokhotera msewu, moyang'anana ndi khonsolo. Pamenepo ndi pomwe awiriwa anakumana kalekale: a Laimu, akupaka tsinde, anadonthezera laimu pansalu yabuluu ya kasitomala. Mlanduwo unakambidwa milungu ingapo ndipo unathera mu ukwati. Ana anabadwa, anakula akukwawa pamizu yomweyo, n'kupita kukafuna zawo kutali. Miyendo ya makina inakumba timaenje tinayi pakati pa mizu, moti pamalo ena alionse makinawo ankatsimphina. Maso a mayiwo anali atayamba kuchita chidima. M'nyumba ulusi sunkalowanso pasingano, padzuwa maso ankatuluka misozi, koma kuwala kosefedwa ndi masamba a mango kunali kwa muyeso wawo. Makasitomala sankadziwa dzina la msewuwo. Ankangouzana kuti kasiye kumango.

Masana a Laimu ankakhala pamuzu n'kumapinda zala: pulezidenti amasankha nduna ndi kuzichotsa, amatumiza akazembe kunja, ndi mkulu wa asilikali onse, amasaina malamulo ochokera ku Nyumba ya Malamulo, amalengeza dziko likagwa m'ngozi, amakhululukira akaidi. A Telala ankapalasa makina osadzutsa mutu, n'kufunsa ngati pamphamvu zonsezo palibe yokonzera chitseko cha bafa.

Kunyumba anagawana boma mwachilungamo. A Laimu anali pulezidenti, a Telala anali Nyumba ya Malamulo. Nyumbayo itakhazikitsa lamulo loti abakha asamalowe kukhitchini, a Laimu anakana kusaina, poti abakhawo ndiwo anali asilikali awo, ndipo msilikali sagona ndi njala. A Telala analibweretsanso lamulolo tsiku lomwelo, liwu litakwera pang'ono. A Laimu anavomera, chifukwa wailesi inanena kuti lamulo likabwerera kachiwiri pulezidenti alibenso pothawira. Denga litadontha pakati pa dzinja, anakwera pampando n'kulengeza kuti nyumba ili pangozi. A Telala anawapatsa beseni ali pampando pomwepo.

Chaka chimene tikunenachi khonsolo inamanga depoti ya mabasi kuseri kwa mango uja. Dzuwa linabwera msanga ndipo linali laukali. Phula linkamata kunsapato, agalu ankagona kunsi kwa magalimoto malilime ali panja. Mtengowo unali utathothola maluwa, timango tili ngati mazira a njiwa. Lolemba la mlungu umene mtsogoleri ankayembekezeka kudzatsegulira depotiyo, a Ndondomeko anaima pamsewu, natseka diso limodzi, n'kupeza kuti mtengowo ukubisa chikwangwani cha depoti. Anati ojambula adzangojambula masamba. Anatinso m'nthambi mutha kubisala munthu, ndipo ngakhale musabisale munthu, kamango kamodzi katha kugwera mutu wa dziko. Anaitana a Laimu, amene analinso osunga nkhwangwa ya khonsolo, n'kuwauza kuti augwetse.

A Laimu anati mpini ukugwedera. Lachiwiri anati mpini auviika m'madzi kuti ufufume. Lachitatu ananola nkhwangwa tsiku lonse, pang'onopang'ono, ngati akusisita mwana. A Ndondomeko anaziona zonsezo. Anati palibe kanthu: mawa kuyeserera kukangotha, jekete likangovulidwa, mtengo ugwe, thalakitala iukoke dzuwa lisanalowe. Apo ayi nkhwangwa apatsa wina, ndi ndowa yomwe.

A Telala sanalire. Anathira mafuta m'makina, napinda nsalu za eni ake, nayeza ndi maso mtunda wokafika pakhonde la sitolo ina, pamene dzuwa limalasa m'maso kuyambira masana mpaka kulowa. Kenako anati:

"Abambo, inu amene mumachotsa nduna ndi kutumiza akazembe, kamtengo kamodzi kakukanikani?"

Mawuwo anawalowa a Laimu ngati singano. Anapita kwa alamu awo, nawapeza akumeta munthu, mbali imodzi ya mutu itatha. Anafunsa ngati mphamvu yokhululukira imafika pamtengo. Alamu awo anazimitsa makina ometera, poti funsolo linali lalikulu. Anati chikhululukiro ndi cha amene waweruzidwa kale. A Laimu anati mtengowo waweruzidwa kale, chilango chake ndi imfa, ndipo sunapatsidwe ngakhale loya. Alamu awo anavomera, koma anakumbutsa kuti pulezidenti sakhululuka yekha ngati munthu wopondedwa phazi m'basi. Amayamba wamva uphungu wa komiti. Anaunguzaunguza m'kanyumbamo ndipo komiti inapezeka: wometa ndi wometedwa. Wometedwayo anati iye avomera chilichonse bola amumalize mbali inayo. Uphungu unaperekedwa woti mtengo ukhululukidwe.

Powaperekeza pakhomo, alamu awo anatsitsa mawu.

"Komatu alamu, mphamvu zanuzo ndi za jekete. Akakuvulani mutsala ndi nkhwangwa."

A Laimu anati akudziwa, ndipo n'chifukwa chake adzazigwiritsa ntchito asanavule.

Lachinayi kunacha kopanda kamtambo. Chaka chimenecho kunabwera mlendo wochokera kulikulu kudzaona kuyeserera, bambo wonenepa wa magalasi akuda, choko chili m'manja. Ntchito yake inali yolemba mtanda pansi paliponse pamene pulezidenti adzaime, kuti alonda ake adzadziwe. A Ndondomeko ankamuopa ngati moto. Kuyambira m'mawa ankamuzungulira, akuseka nthabwala zimene mlendoyo anali asananene.

Zonse zinayamba bwino. Thalakitala inaima pamalo pake. A Laimu anatsika, jekete likununkha kabati, majombo atapukutidwa. Analandira maluwa apulasitiki. Anayendera apolisi ali pamzere, monga mkulu wa asilikali, n'kumayang'ana aliyense m'maso, ngakhale uja amene anawaimitsa mwezi wathawo chifukwa cha njinga yopanda belu. Bandi inaimba. Anayamba kuyenda pakapeti yofiira yolunjika kudepoti, kumbuyo kwawo kuli a Ndondomeko, mlendo uja, makhansala, ana asukulu a timbendera, ndi amuna awiri onyamula mpando waulemu.

Pokhotera msewu kapeti inapitirira kutsogolo. A Laimu anakhotera kumanzere.

Anthu onse anakhota nawo, poti anaphunzitsidwa zaka zambiri kuti kumene kwaloza mphuno ya Wolemekezeka ndiko kutsogolo. Bandi inakhota. Ana anakhota. Oyala kapeti anaikulunga msangamsanga n'kuthamanga nayo, koma popeza kunali koletsedwa kupitirira Wolemekezeka, ankaiyala kumbuyo, pamene waponda kale. A Ndondomeko anafika pafupi ndi khosi la a Laimu n'kumanong'ona mano ali chilumire.

"Laimu. Wolemekezeka. Njira ndi iyo. Wolemekezeka, ndikuthyolani miyendo."

Mlendo anacheuka, a Ndondomeko n'kumwetulira.

Pansi pa mango a Telala anali akusoka yunifolomu ya mwana wasukulu, ndipo sanaime. A Laimu anafika, nagwira tsinde limene analipaka zaka zonsezo, natsokomola, n'kunena momveka bwino:

"Mwa mphamvu zimene malamulo oyendetsera dziko lino andipatsa, nditamva uphungu wa komiti, mtengo uwu ndaukhululukira."

Woimbitsa bandi anazolowera kuti akamva mawu oti "mwa mphamvu" ndiye kuti china chake chatsegulidwa. Anakweza kandodo kake, malipenga n'kumeza zotsalazo. Makhansala anaomba m'manja. Ana anagwedeza timbendera. Onyamula mpando anautsitsa pakati pa mizu, a Laimu n'kukhalapo.

Kunena zoona, chikhululukirocho chinalibe mphamvu ngakhale yothyola tsamba. Chimene chinagwira ntchito ndi mthunzi. Mlendo uja anali atawauka kuyambira m'mawa, shati itamata kumsana. Atalowa pansi pa mtengowo anavula magalasi, kamphepo n'kumupeza pakhosi. Kenako anawerama n'kulemba mtanda waukulu pamuzu, nafunsa kuti ganizo loimika pulezidenti pamthunzi linali la ndani.

A Ndondomeko anayang'ana mtanda, nayang'ana a Laimu, nayankha:

"Langa, bwana."

Mlendo anati tsopano wapeza tauni yoganiza, chifukwa kwina konse amamuyanika mkuluyo padzuwa ngati zochapa. Anafunsa zimene Wolemekezeka ananena bandi isanasokoneze. A Ndondomeko anati zachilengedwe. Mlendo anati zachilengedwe n'zabwino, aziika m'zolankhula za mawa. Nanga mayi akusokawa? A Ndondomeko anati ndi chitsanzo cha amayi odzidalira. Mlendo anati asasunthe ngakhale pang'ono, adzakhale pomwepo mawa ndi makina omwewo.

"Ine kusuntha sindimakufuna n'kale," anatero a Telala akudula ulusi ndi mano.

M'nyumba yosungira zida, jekete litavulidwa, a Ndondomeko analankhula nthawi yaitali, ndipo zambiri mwa zimene ananena sizoyenera kulembedwa. Anatenga nkhwangwa m'manja, naiyang'ana, naikoleka pamalo pake. Lamulo linali lawo lomwe: chimene chachitika Lachinayi ndicho chichitike Lachisanu. Anakankhira ndowa kwa a Laimu ndi phazi n'kuwauza kuti akapakenso tsindelo m'mawa, liwale, koma asafute mtanda. Ndipo jekete asadzaliyandikirenso moyo wawo wonse. A Laimu anati zimenezo anali ataziganiza kale, poti akhala pampando nthawi yokwana materemu awiri ndipo malamulo salola yachitatu. A Ndondomeko anati sakupuma ayi, akuchotsedwa. A Laimu anati mbiri idzaweruza.

Lachisanu a Laimu anaonerera ali kuseri kwa chingwe pamodzi ndi anthu wamba, alamu awo ali pambali. Mdipiti wa magalimoto unafika ndi fumbi lake. Anatsika mtsogoleri, munthu wamtali ngati a Laimu ndendende, wotopa m'maso, amene ankayenda kumene kwaloza manja a omuzungulira. Pokhotera msewu manja analoza kumanzere, iye n'kukhota. Kapeti anaiyala kumbuyo kwake, monga zinachitikira poyeserera. Anaima pamtanda, nakweza maso kuona timango tobiriwira, napuma mpweya wautali. A Laimu ananong'oneza alamu awo kuti akumumvetsa mnzawoyo. Ntchitoyi ndi yolemetsa, ndipo amene sanaigwirepo sangadziwe.

Mtsogoleri anawerenga papepala kuti boma lake limakonda mitengo, makamaka uwu. Anagwira tsinde, dzanja n'kuyera mbuu, poti laimu wa m'mawa uja anali asanaume. Kenako anachita chimene sichinachitike Lachinayi: anatembenukira kwa a Telala n'kuwafunsa ngati pali chimene akufuna kuuza boma. A Ndondomeko anagwira phewa la khansala kuti asagwe. A Telala anayang'ana mkulu wa asilikali onse kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndi diso la ntchito yawo.

"Batani lapamwambalo likugwa, bwana. Silifika madzulo."

Mtsogoleri analiphimba ndi dzanja loyera lija. Anatsegulira depoti, nayendera mabasi, natsazika anthu, dzanja lili pachifuwa, zala zikusiya zidindo pajekete. Nyuzipepala zinalemba kuti anakhudzidwa mtima kwambiri.

Sabata yotsatira khonsolo inazika chikwangwani pafupi ndi mizu chonena kuti pano panaima pulezidenti. Kuyambira pamenepo panalibenso woyerekeza kuuloza ndi nkhwangwa mtengowo. Ana okha ndiwo anapitiriza kuugenda, poti mwana sawerenga chikwangwani mango akayamba kufiira. A Ndondomeko anayamikiridwa kulikulu chifukwa cha ganizo lawo, ndipo patapita nthawi anayamba kukhulupirira kuti linalidi lawo.

Chaka chotsatira dziko linasankha mtsogoleri wina, wamfupi. Kamzere ka pafelemu kanatsitsidwa, kalaliki uja n'kubwerera m'boma. Manja a jekete anafupikitsa ndi a Telala, pansi pa mtengo pomwepo. A Laimu anamupatsa kalalikiyo malangizo monga mtsogoleri wopuma: asamathamange, asamalonjeze, ndipo akaona mthunzi aziima.

Mvula yoyamba ya chaka chimenecho inabwera masana, mango atapsa. Kunayamba kamphepo, kenako madontho akuluakulu pamasamba. Fungo la dothi linakwera, laimu n'kuyamba kutsika patsinde ngati mkaka. A Laimu, ali pamuzu wawo, anafunsa akazi awo kuti mwa atsogoleri awiri amene anaima pansi pa mtengowu, wabwino anali uti. A Telala anati wa Lachinayi mabatani anali onse, koma majombo ankachititsa manyazi dziko. Anaphimba nsalu za eni ake ndi pepala lapulasitiki n'kunena kuti Nyumba ya Malamulo yakhazikitsa lamulo latsopano, loti pulezidenti wopuma azinyamula makina mvula ikayamba.

A Laimu sanadikire kuti libwere kachiwiri. Anasenza makinawo n'kuthamanga nawo pakhonde. Mvula itakata anawabweza, mwendo uliwonse m'kadzenje kake.